Wosuta Fodya pa Chipata cha Ntchito

Pa zikalata zolengeza ntchito zimene zimamatidwa m'zipupa za masitolo mu mzinda wa Mzuzu, ngakhalenso zimene zimayenda pa WhatsApp, pamakhala mzere umene maso athu anauzolowera: wofunsira akhale wosamwa mowa ndi wosasuta fodya. Mzerewu umalembedwa pofuna mlonda, dalaivala, wogulitsa m'sitolo, ngakhale wantchito wa pakhomo. Ambiri mwa ife Asilamu tikauwerenga timagwedeza mutu movomereza, pakuti zonse ziwirizo ndi zimene timaletsa ana athu ku madrasa. Komatu kuvomereza msanga kumatiiwalitsa mafunso awiri. Kodi malamulo a dziko lino amalola bwana kumana munthu ntchito pa chifukwa chokha chakuti amasuta? Nanga ngati amalola, chimenecho ndi chilungamo? Za mowa tiziike padera, chifukwa mowa umalanda nzeru, ndipo dalaivala woledzera ndi imfa yoyenda pa msewu. Pano tikunena za fodya wa ndudu, wa chingambwe ndi wofwenkha, amene abale athu kuno kumpoto amamutcha hona.

Tiyambe ndi kunena poyera pamene taima, kuti wina asatiyese oikira ndudu kumbuyo. Fodya atafika m'maiko a Chisilamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, maulama anagawanika. Mu 1633 Sultan Murad IV analetsa kusuta mu ufumu wa Ottoman ndipo ogwidwa ankaphedwa, koma utsi sunaleke kufuka mu Istanbul. Pambuyo pake Sheikh Abd al-Ghani al-Nabulsi wa ku Damascus, yemwe anamwalira mu 1731, analemba kabuku konena kuti palibe umboni wokwanira woti fodya ndi haraam. Iye analemba madokotala asanadziwe zimene utsi umachita m'mapapo. Umboni wa khansa ndi matenda a mtima utachuluka, zigamulo zinasintha. Khonsolo ya ma fatwa ya ku Malaysia inagamula mu 1995 kuti kusuta ndi haraam, Mufti wamkulu wa ku Egypt, Sheikh Nasr Farid Wasil, ananena zomwezo mu 2000, ndipo bungwe la Muhammadiyah la ku Indonesia linatsatira mu 2010. Maziko awo ndi omwe timaphunzitsa ana: Surah Al-Baqarah, ndime 195, imatichenjeza za kudziononga tokha, ndipo Surah Al-Isra imadzudzula kumwaza chuma. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi osasuta, ongopuma utsi wa anzawo. Choncho kwa ife kusuta ndi choipa. Chimene chatsala ndi kudziwa amene ali ndi mphamvu yolanga choipachi, ndi chilango chimene chikuyenera.

Mchitidwe wokana osuta pa chipata uli ndi kwawo. Kuyambira pa 1 December 2005, bungwe la WHO linasiya kulemba ntchito anthu osuta, ponena kuti silingalalikire zoipa za fodya uku antchito ake akufukiza. M'chaka chomwecho kampani ya Weyco ya ku Michigan inayamba kuyeza antchito ake, ndipo anayi amene anakana kuyezedwa ntchito inawathera. Mu February 2020 kampani ya U-Haul inaleka kulemba ogwiritsa ntchito chikonga m'zigawo 21 za dziko la America. Inalekeza pa 21 chifukwa m'zigawo 29 zotsalazo muli malamulo oteteza munthu kuti asasalidwe pa ntchito kaamba ka fodya amene amasuta kwawo. Ku Ulaya, mu 2006, Vladimír Špidla, yemwe anali mkulu woona za ntchito ku European Commission, anayankha phungu wina kuti kampani ya ku Ireland imene inalengeza kuti osuta asafunsire sinaphwanye malamulo a European Union oletsa tsankho, pakuti fodya sali pa mndandanda wa zifukwa zoletsedwa. Apa tikuona kuti ngakhale kumene kunachokera mchitidwewu sanamvane chimodzi. Tikuonanso chifukwa chenicheni cha makampani a ku America: kumeneko bwana ndiye amalipira gawo lalikulu la inshuwalansi ya chipatala ya wantchito, choncho chifuwa cha wosuta chimaboola thumba la kampani. Nanga mlonda wa ku Luwinga kapena mtsikana wogulitsa m'sitolo ku Lupaso, ndi angati amene bwana amawalipirira MASM? Akadwala amakaima pa mzere ku Mzuzu Central Hospital monga wina aliyense. Tatengera chilango, chifukwa chake tachisiya kutsidya kwa nyanja.

Tsopano tione malamulo athu. Gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a mu 1994, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, kumene anachokera, ulumali, chuma, kabadwidwe, kapena mkhalidwe wina uliwonse. Gawo 5 la Employment Act ya mu 2000 limabwereza mndandandawu, limaonjezera za banja, ndipo limanena momveka kuti chitetezochi chimafika kwa wofunsira ntchito, osati kwa wolembedwa kale yekha. Fodya satchulidwa m'magawo onse awiri. Pamenepa ndi pamene mabwana ambiri amatsamira: chimene sichinaletsedwe ndiye kuti chaloledwa.

Koma mndandandawo sunatsekedwe. Mawu otsiriza aja, onena za mkhalidwe wina uliwonse, anasiyidwa dala kuti makhoti azitha kuonjezera. Mu 2005 bwalo la milandu ya za ntchito, la Industrial Relations Court, linaweruza mlandu wa mayi wina amene anachotsedwa ntchito atapezeka ndi HIV. Kachilomboka sikanalembedwe m'gawo 20, komabe bwalo linati kumuchotsa pa chifukwa chimenecho kunali tsankho loletsedwa. Kodi wosuta angalowere pa khomo lomweli? Woimira bwana anganene kuti HIV ndi chinthu chimene munthu sangachivule, pamene ndudu munthu amaiyatsa yekha. Woimira wofunsira angayankhe kuti kuyamba kusuta ndi chisankho, koma kulephera kusiya ndi ukapolo wa chikonga, umene madokotala pa dziko lonse amauwerengera m'gulu la matenda. Mbali zonse zili ndi poponda, ndipo lamulo lasiyira oweruza kuti atanthauzire. Ndiye kuti bwana wolemba mzere uja asadzinyenge kuti waima pa thanthwe. Waima pa chitseko chimene lamulo linangochisiya chosakhoma.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lomwelo limateteza kwambiri amene walowa kale. Gawo 57 la Employment Act limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka ntchitoyo, ndipo ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Bwana amene angachotse kalaliki wakhama chifukwa choti amasuta pakhonde pake usiku, zingamuvute kufotokoza pamaso pa bwalo kuti nduduyo yaononga chiyani mu ofesi. Tsono chifukwa chimene n'chopepuka potulutsa munthu chikhala bwanji cholemera pomutsekera kunja? Kusiyana kwake n'kumodzi: wochotsedwa amalandira kalata ndipo amadziwa kokadandaula, pamene wokanidwa amangouzidwa kuti tidzakuimbirani, foni yosalira mpaka kalekale. Pajatu gawo 29 la Malamulo Aakulu limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, thupi lake ndi nyumba yake ku chipikisheni. Sikelo yoyenera ilipo kale. Pangano nambala 111 la bungwe la ILO, limene dziko lathu linavomereza mu 1965, limalola kusiyanitsa ofunsira pokhapokha ngati chofunidwacho chili m'mtima mwa ntchito yeniyeniyo. Funso loyenera ndi ili: kodi ntchito iyi singagwirike ndi munthu amene amasuta akaweruka?

Tisamulande bwana zake. Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Pomwetsera mafuta galimoto, pochekera matabwa a ku Chikangawa, m'nyumba yosungira katundu, m'khitchini, m'butchala, m'minibasi ndi m'kalasi, bwana ali ndi ufulu wonse woletsa ndudu, ndipo ndi udindo wake kutero, pakuti lamulo la mu 1997 la chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito limamusenzetsa moyo wa antchito onse. Wosuta pamalo oletsedwa, kapena wozemba ntchito kasanu pa tsiku kukafukiza kuseri, alangidwe monga wina aliyense wophwanya mwambo wa pa ntchito. Chitsanzo chabwino tili nacho kale m'Sunnah. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analamula kuti wodya adyo kapena anyezi wamuwisi asayandikire mzikiti kufikira fungo litatha, kuti asavutitse opemphera anzake. Anachotsa fungo pamalo a anthu onse. Munthuyo sanamuchotse m'gulu la Asilamu, ndipo sanatume wina kukanunkhiza m'miphika ya kwawo.

Maphunziro a fiqh amatithandiza kudula malire. Pa mgwirizano wa ijara, wantchito wolembedwa amagulitsa nthawi yake ndi luso lake pa malipiro odziwika. Sagulitsa thupi lake, ndipo maola amene sanalipiridwe ndi ake. Surah Al-Qasas, ndime 26, pa nkhani ya Mneneri Musa ku Madyan, imatchula zinthu ziwiri zoyang'ana polemba munthu ntchito: mphamvu zoigwirira ndi kukhulupirika. Ibn Taymiyya, yemwe anamwalira mu 1328, anamanga pa mizati iwiri yomweyi pofotokoza za maudindo m'buku lake la Al-Siyasa al-Shar'iyya. M'menemo akusimba kuti Imam Ahmad ibn Hanbal anafunsidwa za atsogoleri awiri a nkhondo, wina waluso koma wochimwa, wina wopembedza koma wofooka, ndipo anasankha waluso uja, ponena kuti luso lake lipindulira anthu onse pamene tchimo lake lili pa iye mwini. Ngati maulama anaganiza motero pa udindo wotsogolera asilikali, ife tikhwimitsa bwanji pa udindo wolondera geti?

Palinso funso limene olemba mzere uja safuna kulimva: mudziwa bwanji kuti munthuyu amasuta? Njira zilipo zitatu, ndipo zonse n'zodetsa m'manja. Yoyamba ndi kumufunsa. Munthu amene ana ake agona ndi njala adzayankha kuti sasuta, ndipo mudzalemba wabodza n'kubweza woona mtima, pamene kukhulupirika ndiko munkafuna. Yachiwiri ndi kuyang'ana kuda kwa milomo ndi zala, kapena kufunsa anthu oyandikana naye nyumba. Surah Al-Hujurat, ndime 12, imaletsa m'mpweya umodzi zinthu zitatu: kuganizirana zoipa, kufufuzana zobisika, ndi miseche. Njira iyi ili nazo zonse zitatu. Olemba mbiri akale amasimba kuti Khalifa Umar ibn al-Khattab anakwera mpanda usiku n'kupeza munthu akumwa mowa, koma munthuyo anamukumbutsa kuti iye walakwa kamodzi pamene Khalifa walakwa katatu: wafufuza, sanadzere pakhomo, ndipo sanaodire. Umar anamusiya. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anaika lamulo lomweli pa ntchito yoletsa zoipa: choipa choletsedwacho chikhale choonekera chokha, chosachita kusuzumira. Ngati Khalifa analibe chilolezo chodumpha mpanda, mwini golosale wachitenga kuti?

Njira yachitatu ndi imene makampani akunja amanyadira: kuyeza mkodzo kapena malovu pofuna cotinine, chotsalira chimene thupi limapanga likalandira chikonga. Kwa ife Amalawi njira iyi ili ndi msampha umene a ku Michigan sanauganizire. Chikonga sichilowera m'kamwa mokha. Tsamba laliwisi la fodya, makamaka likanyowa ndi mame kapena mvula, limalowetsa chikonga kudzera pa khungu, n'chifukwa chake othyola fodya amamva chizungulire, mutu ndi mseru. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 linanena kuti mwana wogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi akhoza kulandira chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku, chofanana ndi cha ndudu 50. Taganizani za mnyamata wochokera ku Rumphi kapena ku Mzimba, amene wakhala akuthandiza makolo ake kuthyola ndi kusoka fodya m'chigafa, n'kutsika basi mu Mzuzu masiku omwewo kudzafunsira ntchito. Sanaikepo ndudu pakamwa chibadwire, koma makina akhoza kumugamula kuti ndi wosuta. Yemwenso akulimbana ndi kusiya, amene akutafuna chingamu cha chikonga chothandiza kuleka, makina adzamugwira chimodzimodzi. Muyeso umene sutha kusiyanitsa wosuta, wolima ndi wolapa si muyeso woweruzira nsima ya munthu.

Mnyamata ameneyu akutikumbutsa dziko limene tikukhalamo. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za Malawi, ndipo timamutcha golide wobiriwira. Msika ukatsegulidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi kuno ku Mzuzu, akuluakulu a boma amapitako ndi chimwemwe. Mabelo akagulidwa, masitolo a mu mzinda uno amadzaza ogula malata, njinga ndi feteleza, ndipo ena mwa masitolowo ndi a Asilamu anzathu. Utenanti, umene unasunga mabanja ambiri mu ngongole m'maesiteti a fodya, unathetsedwa mwalamulo mu 2021 momwemu. Boma limatolera msonkho pa paketi iliyonse, ndipo ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa kaokala kalikonse, pa mtengo umene ngakhale mwana wa sukulu angaukwanitse. Fodya si chamba, chimene kuchisuta ndi mlandu. Dziko limene limalima, limagulitsa ndi kudya msonkho wa fodya, likafika pa munthu wa kumapeto kwa mzere, wogula ndudu imodzi, liziti iwe ndiye wodetsedwa, usadye? Ndipo chikwapuchi chimagwa pa osauka okha. Mwini kampani wosuta palibe amamufunsa. Katswiri wosowa, monga dokotala kapena injiniya, amalembedwa ngakhale thumba la malaya likuonetsa paketi. Wobwezedwa ndi mlonda ndi wonyamula katundu. Akabwerera kunyumba chimanjamanja, fodya sasiya, pakuti ulova ndi nkhawa ndiwo nkhuni za chizolowezichi. Amene amalangika ndi mkazi wake ndi ana ake, osasutawo, pamene Qur'an yolemekezeka imatiphunzitsa mobwerezabwereza kuti palibe wosenza tchimo la mnzake.

Zilipo ntchito zimene chitsanzo cha munthu ndicho chipangizo chake. Mwalimu wa madrasa, imamu, ndi mlangizi wa zaumoyo wophunzitsa achinyamata kuipa kwa fodya sangagwire ntchito yawo uku ana akuwaona akuyatsa ndudu kuseri kwa mzikiti. Pamenepo komiti ili ndi ufulu wofuna wosasuta, chifukwa chofunidwacho chili m'mtima mwa ntchitoyo, ndipo sikelo ya ILO ija ikuvomereza. Mfundo ya WHO ikumveka mpaka pamenepa. Imayamba kutsimphina ikafika pa dalaivala, wosesa ndi wokonza magetsi, amene salalikira kanthu kwa wina aliyense. Mabungwe athu a Chisilamu, masukulu ndi zipatala zathu, asakulitse mpata wopapatizawu kuti ukwane aliyense wolandira malipiro pa mpanda wawo.

Ifeyo tili ndi chifukwa china chochenjerera. Mu November 2019 ku M'manga, m'boma la Balaka, kunabuka ziwawa atsikana ovala hijab atabwezedwa pa sukulu ya mishoni, ndipo zinatengera bungwe la Public Affairs Committee kukhalitsa pansi mbali zonse mpaka mgwirizano wa mu 2021 wolola hijab m'masukulu otere. Mu May 2023 Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba anagamula kuti kukana ana a chi Rasta m'masukulu a boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kosemphana ndi Malamulo Aakulu. Hijab ndi kumvera Allah, ndudu ndi chofooka. Sitikuzifananiza m'pang'ono pomwe. Chofanana ndi mawu a woima pa chipata: malo ndi anga, ndilowetsa amene ndamufuna. Tikawaombera m'manja mawu amenewa lero chifukwa agwera wosuta, tidzawatsutsa ndi pakamwa pati mawa akadzagwera wa ndevu, wopempha ola limodzi Lachisanu kuti akaswali Jumu'ah, wodwala shuga, kapena mayi wa ana asanu? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njira yowongoka ilipo. Mu 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lothana ndi fodya, lotchedwa FCTC, ndipo linalowa lilibe lamulo lamphamvu loletsa kusuta m'malo a anthu onse. Gawo 8 la panganolo limafuna kuti anthu atetezedwe ku utsi m'malo antchito ndi m'magalimoto onyamula anthu. Gawo 14 limafuna kuti ofuna kusiya athandizidwe. Gawo 17 limafuna kuti alimi ndi antchito a m'fodya apezeredwe njira zina zopezera ndalama. Palibe gawo limene limati wosuta amanidwe ntchito. Koma pangano la pa pepala lili ngati fodya wa pachala wa m'mwambi uja, ngwa mphepo, kufikira Nyumba ya Malamulo italisandutsa lamulo. Aphungu athu achite ziwiri pamodzi: atulutse utsi m'malo onse antchito, ndipo aunikenso gawo 5 la Employment Act kuti linene mosabisa kuti chinthu chololedwa ndi malamulo, chimene munthu amachita kunja kwa ntchito, sichikhala chifukwa chomukanira pokhapokha chikukhudza ntchito yeniyeniyo.

Podikira aphungu, mabwana a m'mizikiti mwathu akhoza kuyamba okha. Afufute mzere uja, alembe kuti pa ntchito pano sitisuta. Asaope kuti wosuta sangasunge lamulo lotere. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Ramadhan timaona amuna amene asuta zaka makumi awiri akupirira kuyambira Fajr mpaka Maghrib, masiku 29 kapena 30, popanda kapitawo wowalondera. Wopirira maola oposa khumi ndi awiri chifukwa cha Allah sangalephere maola asanu ndi atatu chifukwa cha ana ake. Ndipo munthu amene ali m'kati, amene amalandira malipiro, amakhala ndi anzake osasuta tsiku lonse ndi kumva malangizo a bwana womufunira zabwino, ali pafupi ndi kusiya kuposa amene tamusiya pa shopu akuwerenga magalimoto. Amene chikonga chamumanga kwambiri timuperekeze kwa madokotala, kapena kwa alangizi a ku St John of God mu mzinda momwe muno, amene amathandiza omangidwa ndi zizolowezi. Kuletsa zoipa ndi udindo wathu, koma Shariya inaupatsa malire ndi ulemu wake, ndipo njala ya ana a munthu siili m'gulu la zida zimene tinapatsidwa. Allah ndiye Mwini kudziwa konse.